DAVID LIVINGSTONE: MLENDO AMENE ANAGONA NDI MANTHA PA FEIRA

Pa 14 Januwale m'chaka cha 1856 ulendo wa anthu oposa 100 unafika pamene mtsinje wa Luangwa umathira madzi ake mu Zambezi, pamalo amene makolo ankati Feira, pamene lero pali boma la Luangwa. Inali nyengo ya dzinja, mtsinje utadzala ndi madzi ofiirira. Anthuwo anachokera kutali kumadzulo, kwa Mfumu Sekeletu ya Akololo, ndipo pakati pao panali Mzungu mmodzi yekha, woonda ndi malungo, wa zovala zazigamba, amene mkono wake wamanzere sunali kukwezeka bwino. Anzake a paulendo ankamutcha Munali. Kwao ku Scotland dzina lake linali David Livingstone. Usiku umene anagona pa gombe limeneli unali umodzi mwa mausiku osautsa koposa m'moyo wake, ndipo chimene anachita usikuwo chinachokera m'maphunziro amene anayamba akali mwana.

Iye anabadwa pa 19 Malichi 1813 m'mudzi wa Blantyre, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, kuphika momwemo, kugonanso momwemo. Atate ake, a Neil Livingstone, ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa tiyi, ndipo anali munthu wopemphera kwambiri. Mnyamatayo atakwana zaka 10 analowa nchito m'fakitale ya thonje, kulumikiza ulusi woduka pa makina kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankapita ku sukulu ya usiku. Pa malipiro ake oyamba anagulako buku lophunzirira Chilatini. Masiku opuma, amene anali owerengeka, ankayenda m'zigwa ndi m'mbali mwa mtsinje kutola zitsamba, miyala ndi tizilombo, kufuna kudziwa dzina la chilichonse ndi nchito yake.

Apa panabuka mkangano m'nyumba. Atate ake ankaopa mabuku a sayansi, poganiza kuti adzachotsa mwana wao pa chikhulupiriro. Mnyamatayo anavutika nazo mumtima zaka zingapo, kufikira atawerenga mabuku a munthu wina wa ku Scotland komweko, Thomas Dick, amene ankaphunzitsa kuti Mulungu amene analankhula m'Baibulo ndi yemweyo amene anapanga nyenyezi ndi nyerere, kotero kuti kuphunzira zolengedwa si kupandukira Mlengi. Ganizo limeneli silinamchokenso. Anasunga ndalama za ku fakitale, naphunzira udokotala ku Glasgow kuyambira 1836, nadzipereka ku bungwe la London Missionary Society. Anafuna kupita ku China koma nkhondo inatseka njira. Atakumana ndi Robert Moffat, mmishonale wa ku Kuruman, anatembenukira ku Africa, nafika ku Cape Town m'chaka cha 1841.

Zaka khumi zoyamba a Livingstone anakhala pakati pa Atswana, kumalire a chipululu cha Kalahari, ndipo kumeneko ndi kumene thengo linayamba kuwaphunzitsa. M'chaka cha 1844 pa Mabotsa mkango unawagwira paphewa, nuwagwetsa pansi, nuwaphwanya fupa la mkono wamanzere. Akadafa pomwepo pakadapanda mphunzitsi wachikuda, a Mebalwe, amene analoza mfuti, mkangowo nuwasiya n'kulumphira iwo. Pofotokoza pambuyo pake, a Livingstone sanataye nthawi pa kulimba mtima kwao. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti ali m'kamwa mwa chilombo sanamve kuwawa kapena mantha, koma mtima unangoti zii ngati ali m'maloto. Iwo anaganiza kuti mwina nyama zonse zogwidwa ndi zilombo zimamva chimodzimodzi, ndi kuti ichi n'chifundo chimene Mlengi anaika m'chilengedwe kuti imfa isapweteke koposa. Ndi anthu ochepa amene angatuluke m'kamwa mwa mkango ndi ganizo lotere.

Pa Kolobeng, kumene anakhala ndi Mfumu Sechele ya Akwena kuyambira 1847, kunagwa chilala cha zaka zotsatizana. Mtsinje unauma, nsomba zinafa, chimanga cha dzikolo chinapserera. Pa nthawi yotere a Livingstone ankagwada pa mchenga ndi kachipangizo koyezera kutentha. Anapeza kuti masana nthaka inali kutentha kupitirira madigiri 55 pa muyeso wa masiku ano, kotero kuti tizilombo tina tikaikidwa pamwamba pake tinkafa posakhalitsa. Koma nyerere zakuda zinali kuthamanga ndi nchito zao monga mwa masiku onse, ndipo m'zipinda zao pansi munali chinyezi. Kumene zinkapeza madzi iwo sanakuone, koma anaona kuti cholengedwa chaching'ono chotere sichinasiyidwe chopanda chake ngakhale m'dziko louma. Chitonthozo chimenechi chinali chofunika kwa iwo, pakuti nchito yao ya ulaliki sinali kubala. Anabatiza Sechele m'chaka cha 1848, ndipo pa zaka zonsezo ndiye munthu mmodzi yekha wodziwika amene anatembenuka pa dzanja lao. Anthu a m'mudzi ankati mvula yakana chifukwa mfumu yao, imene inali yoitana mvula, yatsata chipembedzo cha mlendo.

Pano payenera kunenedwa choona china chosakoma. Kukhutira ndi zochepa kumene a Livingstone anadzisankhira kunagwera pa anthu amene sanasankhe. Anakwatira Mary, mwana wa a Moffat, m'chaka cha 1845, ndipo anayenda naye m'chipululu ali ndi pakati, pamodzi ndi ana aang'ono, kufikira masiku ena madzi anawathera. Khanda lao Elizabeth linamwalira m'chaka cha 1850 lisanakwanitse miyezi iwiri. Apongozi ao anawadzudzula ndi kalata yowawa, ndipo sanalakwe. M'chaka cha 1852 anatumiza mai ndi ana ku Britain, kumene anakhala zaka zinayi akusamukasamuka m'nyumba za lendi ndi ndalama zosakwanira.

Atatsala okha, a Livingstone anapita kwa Akololo ku Linyanti. Cholinga chao chinali kupeza njira yochokera pakati pa dziko kufika ku nyanja yamchere, kuti malonda abwino alowe ndi kupha malonda a akapolo, ndi kuti Uthenga utsate njira yomweyo. Sekeletu nayenso anali ndi cholinga chake, chogulitsa minyanga pa mtengo wabwino, ndipo ndiye anapereka anthu, ng'ombe ndi chakudya. Ulendo umene mabuku ambiri amautcha wa Mzungu mmodzi unali ulendo wa mfumu yachikuda ndi anthu ake. Ananyamuka mu Novembala 1853 ndi amuna 27. Katundu wa a Livingstone anali wochepa modabwitsa: tiyi ndi shuga pang'ono, khofi, bokosi la mankhwala, bokosi la zovala, katenti kakang'ono, chikopa cha nkhosa chofunda, zipangizo zoyezera nyenyezi ndi Baibulo. Iwo ankakhulupirira kuti chimene chimalepheretsa ulendo nthawi zambiri ndi kuchuluka kwa katundu. Anafika ku Luanda pa 31 Meyi 1854 atatsala mafupa okhaokha. Angerezi anawapempha kukwera sitima kupita kwao, koma anakana, chifukwa analonjeza kubweza anthu a Sekeletu kwa mfumu yao. Sitima imene inanyamula makalata ao, Forerunner, inamira pafupi ndi chilumba cha Madeira.

Atabwerera ku Linyanti anaona kuti njira ya kumadzulo siingathandize, natembenukira kum'mawa mu Novembala 1855, Sekeletu atawapatsa amuna 114 otsogozedwa ndi a Sekwebu, munthu wodziwa zinenero za m'Zambezi. Anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, nadutsa dziko lokwera la Atonga, kwa Mfumu Monze, natsikira ku Kafue kudzera m'mapiri amene lero amatchedwa Munali. Chigawo chimenechi cha ulendo ndicho chimene anakondwa nacho koposa. Nyama zinali zambiri kotero kuti nthawi zina anthu ankachita kukuwa kuti njati ndi njovu zipatuke panjira. Tsiku lina anaonerera ndi galasi loonera patali anthu ao akulasa njovu yaikazi imene inali kutchinjiriza mwana wake ndi thupi lake. Nyama inali yofunika pa ulendo, minyanga inali yao, koma anavomera kuti mtima unawanyansa poona imfa ya cholengedwa chotere. Anamvanso mbiri yakuti mbalame yolondolera anthu ku uchi nthawi zina imanyenga munthu n'kumtengera kwa chilombo. M'malo mongokhulupirira kapena kungotsutsa, anafunsa amuna onse 114, ndipo mmodzi yekha ndiye ananena kuti inamfikitsa pa njovu. Ena onse inawafikitsa pa njuchi.

Koma pamene ankayandikira Luangwa nkhope za anthu a m'midzi zinayamba kusintha. Chifukwa chake chinalipo. Posachedwapo Mzungu wina wochedwa Simoens anakwera mtsinje ndi akapolo a mfuti, nagwira anthu pa zilumba, nalanda minyanga, kufikira mafumu anagwirizana namupha. Anthu a Mfumu Mburuma ankadziwa bwino chimene mlendo woyera wobwera ndi gulu lalikulu amatanthauza. Feira ndi Zumbo, tsidya lina la Luangwa, anali misika ya Apwitikizi kuyambira m'zaka za m'ma 1700, ndipo liu lakuti Feira m'Chipwitikizi ndi msika basi. Pamenepa pankadutsa minyanga, golide, mkuwa ndi anthu omangidwa. Panakhalanso ansembe a chipani cha Dominiko, ndipo wodziwika mwa iwo, Frei Pedro da Trindade, anamwalira m'chaka cha 1751. Msikawo unasiyidwa m'zaka za m'ma 1830, nthawi yomwe Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi pomwepo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana.

Madzulo a tsiku limene anafika, a Livingstone anayenda m'mabwinja a miyala nazindikira kuti inali nyumba ya mapemphero. Pambali pake panali belu losweka, lolembedwa zilembo zitatu zoimira dzina la Yesu ndi mtanda, popanda chaka. Mitengo ndi udzu zinali zitatenga malo ao. Kwa munthu amene anasiya mkazi ndi ana kuti atsegulire Uthenga njira, chinali chinthu cholasa mtima kuona kuti ena anafika kale zaka zoposa 100 m'mbuyomo, namanga ndi miyala, naliza belu, koma chotsala chinali chitsulo chosweka m'thengo. Iwo anaona kuti tchalitchi chomangidwa pambali pa msika wa akapolo sichikadazika mizu.

Nthawi yomweyo amuna a zida anali kusonkhana kuchokera m'midzi yozungulira. Mburuma mwini sanaonekere. Mabwato analipo, koma eni ake anavomera kubwereka limodzi lokha, ndipo aliyense wodziwa nkhondo akadaona tanthauzo lake: gulu likagawika, ena tsidya lino ena tsidya lija, kulikantha n'kosavuta. Usiku umenewo a Livingstone anagwidwa ndi nkhawa imene sinali ya masiku onse. Sanali kulira moyo wao wokha. Anali ndi mapu ndi zolemba za dziko lokwera lopanda malungo ambiri limene anaona, ndipo akadafa m'mawa mwake zonsezo zikadatayika pamodzi nao. Ganizo linawafikira lakuti aoloke mobisa usiku. Pamenepo anatsegula Baibulo pa mutu womaliza wa Mateyu, pamene Yesu atuma ophunzira ake ku mitundu yonse nalonjeza kukhala nao masiku onse. Anatenga lonjezolo monga mau a munthu waulemu amene sabweza pangano lake, natsimikiza mtima kuti kuoloka usiku kudzaoneka ngati kuthawa, ndi kuti munthu wotumidwa sayenera kuthawa. Chimene anachita pambuyo pake chikuonetsa munthuyo bwino koposa ulaliki uliwonse. Anatulutsa zipangizo zao nayeza nyenyezi, kuti malo a matsiriro a Luangwa alembedwe molondola pa mapu, ngakhale kuti kuyezako kukadakhala komaliza. Atatha anapeza kuti mtima wakhala pansi.

M'mawa mwake amuna a mikondo ndi mauta anaima kumbuyo kwao. Akazi ndi ana anali atachotsedwa pafupi, chizindikiro chosabisika. Mtsinje pamalo aja unali wotambalala kupitirira theka la mailosi, ndi chilumba pakati. Anayamba kuolotsa katundu, kenaka ng'ombe, kenaka anthu, bwato limodzi lomwelo likupita ndi kubwera. A Livingstone anatsala kumbuyo kuti akhale omaliza. Pa maola onsewo anaima pakati pa amuna a zidawo akuwaonetsa wochi yao ndi kuwamvetsa kulira kwake, ndi galasi limene limasonkhanitsa dzuwa n'kuyatsa moto. Anthu amene anabwera ndi mikondo anaunjikana kuti aone. Bwato litabwera ulendo wotsiriza anawathokoza, nawafunira mtendere, nalowa. Palibe muvi unaponyedwa. Pambuyo pake iwo anavomera kuti mwina anthu a Mburuma anangofuna kukhala okonzeka ngati mlendoyo akadachita chiwembu, ndi kuti anali ndi chifukwa chokwanira chosakhulupirira Azungu. Ulemu wa tsiku limenelo uyenera kugawidwa pawiri, pakuti amene anali ndi mphamvu yopha anasankha kusapha.

Atapitirira Zumbo njati zitatu zinalowerera mzere wao, imodzi ninyamula munthu pa nyanga n'kumtaya patali, koma anachira patapita sabata. Mfumu Mpende inayamba yawaopseza, kenaka inawathandiza kuolokera kumwera kwa Zambezi. M'nkhalango ya mitengo ya tsanya ya kumeneko anthu ao anawaonetsa chisa cha mbalame ya mlomo waukulu wofiira imene ankaitcha korwe. Yaikazi imalowa m'mphako, khomo n'kumatidwa ndi dothi kusiya kampata kongokwana mlomo, ndipo imakhala momwemo mpaka ana atakulako pang'ono, yaimuna ikuithamangira ndi chakudya kufikira kuonda. Zotere ankazilemba mosamala ngati kuti alibe njala kapena zilonda kumapazi. Koma njira yachidule imene anatsata inawalambalalitsa mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, ndipo anafika ku Tete mu Malichi ndi ku Quelimane pa 20 Meyi 1856 akukhulupirira kuti sitima ingakwere Zambezi popanda chovuta chachikulu.

Cholakwa chimenechi chinawawonongera zaka zisanu ndi chimodzi. Ku Britain analandiridwa ngati ngwazi, buku lao la 1857 linawapatsa chuma, ndipo boma linawatuma kubwerera m'chaka cha 1858 ndi sitima ndi Azungu anzao. Kebrabasa inakana. Anatembenukira ku Shire nafika ku nyanja ya Malawi mu Seputembala 1859. Munthu amene ankayenda mwamtendere ndi Akololo miyezi yambiri analephera kukhala bwino ndi anthu a mtundu wake: anali wouma mtima, wosamva uphungu, wosachedwa kuimba mlandu. M'chaka cha 1860 anadutsanso pa Zumbo pobweza Akololo kwao, monga analonjezera, napeza kuti amalonda a akapolo ayamba kutsata mapazi ao m'njira imene iwo anatsegula. Apwitikizi anabwerera ku Zumbo m'chaka cha 1862, ndipo zaka zotsatira dera lonseli linalira pansi pa mfuti za Kanyemba ndi Matakenya. Chaka chomwecho, pa 27 Epulo, mai Mary Livingstone anamwalira ndi malungo pa Shupanga naikidwa pafupi ndi mtengo wa mlambe. Boma linathetsa ulendowo, ndipo iwo anabwerera ku Britain m'chaka cha 1864 dzina lao litatsika.

Ulendo wotsiriza unayamba m'chaka cha 1866. Anati akufuna magwero a mtsinje wa Nile, poyembekeza kuti akawapeza, mau ao otsutsa ukapolo adzamveka m'makutu a maboma. Mu Disembala chaka chimenecho anaolokanso Luangwa, ulendo uno kumtunda kwake, m'chigwa chodzala ndi nyama ndi mbalame koma chosowa chakudya cha anthu. Mbuzi zao zinayi, zimene mkaka wake unali kuwasunga, zinasowa pa nyengo ya Khirisimasi. Anakwera mapiri a Muchinga akudya bowa ndi maere, akumanga lamba mothinitsa, akulota chakudya usiku. Mu Januwale 1867 onyamula katundu awiri anathawa ndi bokosi la mankhwala, ndipo iwo anamva ngati aweruzidwa kuti afe. Komabe anapezera anthuwo chowiringula, kuti anali ndi njala ndipo anakulira mu ukapolo. Masiku ena anadalira chifundo cha Aluya ogula akapolo, anthu omwe ankalimbana nao. Pa 15 Julaye 1871 anaona ndi maso ao anthu mazanamazana akuphedwa pa msika wa Nyangwe, ndipo mbiri imene anatumiza inathandiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu Juni 1873. Henry Morton Stanley atawapeza ku Ujiji kumapeto kwa 1871 anawakakamiza kubwerera kwao, koma anakana.

Miyezi yomaliza anaithera m'madambo a Bangweulu, mvula ikugwa usana ndi usiku, magazi akuwatha m'thupi, anthu ao akuwanyamula pamapewa pooloka madzi. Ngakhale pamenepo buku lao linali kudzala ndi nsomba, achule, maluwa a m'madzi ndi kulira kwa nkhwazi, kumene anakumva ngati kuitana munthu wa dziko lina. Magwero a Nile sanawapeze, pakuti madzi a kumeneko amapita ku Congo. Anamwalira m'mudzi wa Mfumu Chitambo, m'dziko la Alala, cha pa 1 Meyi 1873, ndipo anawapeza atagwada pambali pa kama.

A Susi ndi a Chuma ndi anzao anakwirira mtima wao patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo a Jacob Wainwright analemba dzina pa khungwa lake. Mtembo anauumitsa ndi mchere ndi dzuwa, naunyamula miyezi isanu ndi inayi kufikira ku Bagamoyo. Unaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London pa 18 Epulo 1874.

Ku Feira belu linadzaliranso patapita zaka zambiri. M'chaka cha 1910 boma latsopano la Portugal linapitikitsa ansembe a chipani cha Yesu, ndipo ena a iwo amene anali pa Miruru, pafupi ndi Zumbo, anaoloka Luangwa kubwera tsidya lino, nakhazikika pa Kapoche ndi pa Katondwe, kumene pambuyo pake panamangidwa sukulu ndi chipatala. Ufumu wa Mburuma, umene anthu ake anabwereka bwato lija, ulipobe m'boma la Luangwa.